Zaka 8 osaonana: Vera Chirwa ndi banja limene boma linkaliopa

Kuchokera mu 1984 kufikira mu Sepitembala 1992, boma la Malawi linasunga munthu ndi mkazi wake m'ndende osawalola kuonana nkhope ngakhale tsiku limodzi. Mbali yaikulu ya nthawi imeneyi onse awiri anali m'ndende yaikulu ya Zomba, mpanda umodzi, wina kuchigawo cha abambo, wina kuchigawo cha amayi. Mwamunayo anali a Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno komanso pulezidenti woyamba wa Malawi Congress Party. Mkaziyo anali Mayi Vera Chirwa, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Anthu akamakamba za Mayi Chirwa amakonda kuwaika pa gulu la akazi okhulupirika, aja amene amatsata mwamuna wawo pamtendere ndi pamavuto pomwe. Si bodza ayi, koma kukamba kotereku kumam'chepetsa munthu. Mayi Chirwa sanapite ku Zomba ngati woperekeza. Anaimbidwa mlandu wawowawo, anadziyankhira okha pakhoti, ndipo chilango choti anyongedwe chinatchula dzina lawo. Amene akufuna kuphunzira za chikondi pa moyo wawo ayenera kuyamba wamvetsa chimene boma la nthawi imeneyo linkaona mwa iwo, ndi chifukwa chimene linaonera kuti kuwatsekera kokha sikukwanira, koma kuwalekanitsanso.

Anayamba ndale asanakhale mkazi wa nduna

Mayi Chirwa anabadwa mu 1932, ndipo anakwatiwa ndi a Orton mu 1951. A Orton anabadwa mu 1919, kwawo kunali ku Nkhata Bay, ndipo panthawiyo anali mphunzitsi amene anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa. Banja lawo linayamba pamene dziko linali litatentha ndi nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda anakhazikitsa mu 1953 anthu akuda akuchikana poyera. Mantha a anthu anali omveka: ulamuliro ukapita m'manja mwa azungu a ku Salisbury (Harare ya lero), tsankho la kumeneko lifika kuno, ndipo ufulu wodzilamulira udzakhala maloto.

M'zaka zimenezi Mayi Chirwa pamodzi ndi Mayi Rose Chibambo anali m'gulu la amene anasonkhanitsa amayi kuti alowe m'nkhondo yolimbana ndi chitaganya. Gulu lawo linagwira ntchito limodzi ndi Nyasaland African Congress, ndipo ndi limene pambuyo pake linasanduka League of Malawi Women. A Orton anapita ku London kukaphunzira zamalamulo, nabwerako ali loya mu 1958, chaka chomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anafika pa bwalo la ndege la Chileka, pa 6 Julayi.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Congress inaletsedwa, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu la anthu padoko. Kamuzu anatumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero). A Orton ndi Mayi Vera nawonso anamangidwa. Choncho ndende ya Zomba ya m'ma 1980 sinali yoyamba kwa iwo. Unyolo woyamba anawamanga ndi atsamunda, wachiwiri anawamanga ndi munthu amene iwo anathandiza kukweza.

A Orton anatulutsidwa msanga kuposa atsogoleri ena, ndipo pa 30 Sepitembala 1959 anakhazikitsa Malawi Congress Party m'malo mwa Congress yoletsedwa ija. Anakhala pulezidenti wake akudziwa kuti akungosungira mpando. Kamuzu atatuluka mu Epulo 1960, a Orton anam'patsa chipanicho popanda kulimbana. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira pamene tikufika pa mlandu woukira boma: munthu amene anadzaweruzidwa kuti amafuna kulanda ulamuliro ndi yemweyo amene anaupereka ndi manja ake awiri.

Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, a Orton ali nduna ya zachilungamo. Sipanathe miyezi 3, zinthu zinasokonekera. Nduna zinadandaula kuti Kamuzu amazitcha anyamata ake pagulu, kuti akuchedwetsa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, kuti akugwirizana ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndiponso kuti wakhazikitsa zoti anthu azilipira tiki (ndalama yaing'ono ya nthawi imeneyo) kuchipatala pamene anthu ankayembekezera kuti ufulu uwapepukitsira moyo. Pa 7 Sepitembala Kamuzu anachotsa a Orton, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo. Onsewa anayamba kutchedwa zigawenga, ndipo ambiri anathawa m'dziko. Banja la a Chirwa linakafikira ku Tanzania.

Zaka 17 za kuchilendo nthawi zambiri zimadumphidwa pokamba nkhaniyi, komatu m'menemo ndi mmene mukuoneka mtundu wa banja lawo. Mayi Chirwa sanakhale pakhomo kudikira kuti mwamuna wawo adzabwezeredwe unduna. Anapita ku London kukaphunzira zamalamulo ndipo anakhala loya mu 1966. Anagwira ntchito ngati loya wa boma ku Tanzania, kenako anakaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka, pamene a Orton anali ku Tanzania kumene anayambitsa gulu la Malawi Freedom Movement, lotchuka ndi dzina loti MAFREMO. Kunena kwina, banjali linali litazolowera kale kukhala motalikirana, aliyense ndi ntchito yake. Mwamuna wa m'badwo wa 1919 amene analola, mwinanso kulimbikitsa, kuti mkazi wake aphunzire mpaka kufanana naye pa ntchito, sanali wopezekapezeka. Ngakhale lero alipo amuna ophunzira bwino amene tulo timawathawa mkazi akangotchula za digiri yachiwiri.

Khrisimasi ya 1981 ndi khoti lopanda loya

Pa 24 Disembala 1981, a Orton, Mayi Vera ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa kumalire a Zambia ndi Malawi, kufupi ndi Chipata ndi Mchinji. Boma linati analowa okha m'dziko ndi cholinga chogwetsa ulamuliro. Iwo anati anabedwa ali m'dziko la Zambia. Kusiyana kumeneku si kwamasewera: ngati anabedwa kunja, ndiye kuti khoti la Malawi linali kuweruza anthu amene boma linawatenga mophwanya malamulo.

Sanawatengere ku High Court. Anawatengera ku khoti la mafumu la chigawo cha kummwera ku Blantyre, ndipo mlandu unayamba mu 1982. Apa m'pofunika kufotokoza, chifukwa achinyamata ambiri akamva za khoti la mafumu amaganiza za bwalo la kwa nyakwawa, kumene amaweruza za malire a munda ndi mbuzi zodya chimanga. Makhoti awa anali ena. Anapatsidwa mphamvu mu 1969, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, Kamuzu atakwiya kuti majaji a ku High Court akumasula anthu chifukwa cha kuchepa kwa umboni. Lamulo latsopano linalola makhoti a mafumu kuweruza milandu yakupha ndi kupereka chilango cha imfa, ndipo pambuyo pake anawonjezera milandu youkira boma. Oweruza ambiri anali mafumu osankhidwa ndi pulezidenti, amene akanathanso kuwachotsa tsiku lililonse. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Malamulo a umboni sankatsatidwa monga m'makhoti ena. A Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani, anadutsa m'khoti lotere ndipo ananyongedwa mu 1977.

Pali chinthu chowawa pamenepa. A Orton, ali ku unduna wa zachilungamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndi amene anatsogolera kukonzanso makhoti a m'madera kuti akhale pafupi ndi anthu. Pa maziko amenewo ndi pamene Kamuzu anadzamangapo makhoti ake aja. Sikuti a Orton ndi amene anapanga chida chimene chinawapweteka. Iwo sanapatse mafumu mphamvu yonyonga munthu. Koma nkhaniyi ikuonetsa mmene lamulo lolembedwa ndi cholinga chabwino limasinthira likagwera m'manja ena.

Maloya awiri anaima pakhoti limene linkakana maloya. Anadziyankhira okha, anafunsa mafunso mboni za boma, anapempha kuitana mboni zawo zochokera kunja koma anakanizidwa. Mu Meyi 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe. Kuti timvetse mantha a masiku amenewo, tiyang'ane zimene zinachitika mozungulira: mu Malichi chaka chomwecho Dr Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lina lotsutsa boma, anapezeka ataphedwa ku Harare. Patangopita masiku ochepa chigamulo cha a Chirwa chitaperekedwa, nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto. Ngati nduna zimene zinali m'boma zinkatha motero, kuli bwanji anthu awiri amene anali kale m'manja mwa wonyonga?

Anachita apilo ku khoti lalikulu la mafumu. Mu Febuluwale 1984 khotilo linavomereza kuti mlandu unayenda molakwika m'njira zingapo, koma linasiya chilangocho momwemo. Chimene chinawapulumutsa ku chingwe ndi phokoso la kunja. Bungwe loteteza ufulu wa anthu la Amnesty International linawatenga ngati akaidi omangidwa chifukwa cha maganizo awo, maboma angapo anapempha chifundo, ndipo Church of Scotland, mpingo umene Kamuzu ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo kumeneko, unalankhulanso. Pa 30 Juni 1984 chilango chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse. Fumbani anatulutsidwa chaka chomwecho, atakhala m'ndende zaka zoposa 2 popanda kuimbidwa mlandu uliwonse.

Chifukwa chiyani kuwalekanitsa?

Ndende iliyonse imalekanitsa amuna ndi akazi, zimenezo n'zodziwika. Koma kukaniza banja kuonana kwa mphindi zochepa pa zaka 8, kukaniza ngakhale kalata kudutsa kuchokera kuchigawo china kupita kuchinzake, si dongosolo la ndende. Ndi chilango chachiwiri chimene khoti silinalembe. Mayi Chirwa ankagona pasimenti, sankaloledwa alendo, ndipo nthawi yaitali ankakhala kwaokha. A Orton anakhala nthawi zina ali m'matangadza, opanda mankhwala okwanira, mpaka maso ndi makutu zinayamba kufa.

Kuti tione chimene chinkapweteka boma mwa Mayi Chirwa, tiyang'ane mmene Kamuzu ankaonera amayi. Pa mwambo wa Achewa, mwamuna amakhala nkhoswe ya alongo ake ndi ana awo, ndipo iwowo ndiwo mbumba yake. Kamuzu anatenga mwambo wa pabanjawu n'kuuvalika dziko lonse. Anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo mayi aliyense wa m'Malawi, Mchewa kapena Mtumbuka, Myao kapena Msena, anakhala mbumba yake. Amayi ankavala nsalu ya nkhope yake, kukwezedwa m'malole, kukavina pabwalo la ndege ndi ku sitediyamu, nthawi zina masiku angapo ali kutali ndi ana awo. Mwamuna amene akanayerekeza kuletsa mkazi wake kupita kukavina ankadziwa chimene chimudikira. Ena mwa amayiwo anapezadi mphamvu mwa njira imeneyi, ena anamangiridwa nyumba, ena anakwera ndege koyamba, sitingakane. Koma mtengo wake unali woti kudzipereka kwa mkazi kupite kaye kwa Ngwazi, mwamuna ndi chikumbumtima zibwere pambuyo.

Tsono taganizani: gulu la amayi limene linkatsogolera magule amenewa ndi lomwe lija Mayi Chirwa anathandiza kuyambitsa kuti lilimbane ndi atsamunda. Mu 1985, iwo ali m'selo ku Zomba, kunabadwanso bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi pansi pa Mama Cecilia Kadzamira. Dziko lonse linkauzidwa kuti mayi wabwino ndi amene amayamika. Pakati pa zonsezi panali mayi mmodzi wophunzira kuposa nduna zambiri, amene anakana kukhala mbumba ya munthu, amene anasankha yekha mwamuna woti aime naye ndi mfundo zoti aziimire. Akuluakulu amati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. M'banja ili kapasule anali boma lathunthu, ndi apolisi ake, makhoti ake ndi makiyi a ndende.

Maulamuliro ankhanza amadziwa kuti munthu amene ali ndi mnzake womukhulupirira savuta kulimba mtima. N'chifukwa chake mu ulamuliro wa chipani chimodzi chilango sichinkathera pa womangidwayo. Mkazi wake ankachotsedwa m'nyumba ya boma, ana ankavutika kusukulu, katundu ankatha kulandidwa pansi pa lamulo la Forfeiture Act la 1966, ndipo anansi ankaopa ngakhale kupereka moni. Amayi ambiri amene mayina awo sanalembedwe paliponse anasenza mabanja okha pamene amuna awo anali ku Dzaleka, ku Mikuyu, ku Chichiri kapena ku Maula, osadziwa tsiku lotuluka chifukwa panalibe mlandu woti n'kuwerengera zaka. Ena anadikira. Ena anatopa n'kukwatiwanso, ndipo ine sindingawaloze chala. Mayi Chirwa timawadziwa chifukwa anali loya ndipo dziko lakunja linkatchula dzina lawo, koma sanali okha.

Kupirira kwa mtundu wanji?

Apa ndi pamene nkhaniyi imapotozedwa mosavuta. Pa chilangizo cha mkwatibwi, pa bridal shower, ngakhale pa guwa, mtsikana amauzidwa kuti banja ndi kupirira. Ndipo munthu wofuna chitsanzo angathe kutola dzina la Vera Chirwa n'kunena kuti, onani, mnzanu anapirira zaka 11 m'ndende chifukwa cha mwamuna wake, inu mukuthawa chiyani? Kugwiritsa ntchito dzina lawo motero n'kulakwira mbiri. Amene ankazunza Mayi Chirwa sanali mwamuna wawo. Iwo ndi a Orton anali mbali imodzi, nkhanza zinkachokera kunja. Mayi amene akumenyedwa m'nyumba mwake, amene malipiro ake amalandidwa pa 30, amene amabweretseredwa matenda, ali pa nkhondo ina, ndipo womuzunzayo ndi amene akugona naye chipinda chimodzi. Mayi Chirwa atatuluka, imodzi mwa ntchito zawo zoyamba inali kuyambitsa bungwe la Women's Voice, lophunzitsa amayi za ufulu wawo, kuphatikizapo ufulu wa amayi amasiye amene achibale a mwamuna amawalanda katundu maliro asanathe n'komwe. Munthu amene ankakhulupirira kuti mkazi azingopirira chilichonse sakanayambitsa bungwe lotere.

Chinanso chimene tiyenera kusamala nacho ndi mawu oti anavutika chifukwa cha mwamuna wawo. Zoona, a Orton ndi amene anali mtsogoleri wa MAFREMO, ndipo ndi amene Kamuzu ankawafuna kwambiri. Koma Mayi Chirwa anali ndi mkangano wawo ndi ulamuliro wa munthu mmodzi, umene unayamba kale asanakhale mkazi wa nduna. Chikondi chawo pa a Orton ndi chikhulupiriro chawo pa chilungamo zinali zolukana moti n'kovuta kunena kuti ichi chathera apa, ichi chayambira apa. Ine ndikuona kuti n'chifukwa chake zinapirira kulekanitsidwa. Chikondi chimene chimadalira kuonana tsiku ndi tsiku, kudyera mbale imodzi ndi kumva mawu a mnzako, boma likanatha kuchipha ndi njala pongotseka chitseko. Koma aliyense wa awiriwa ankadziwa chimene mnzake akuimira kuseri kwa khoma, ndipo ankadziwa kuti kugonja kwa mmodzi kukhala kugulitsa winayo. Mayi Chirwa anenapo poyera kuti chikhulupiriro chawo chachikhristu ndi chimene chinawasunga m'zaka zimenezo. Sitiyenera kuchotsapo mbali imeneyi pofuna kuti nkhani imveke yandale yokhayokha.

Komanso tisakometse zinthu mopitirira. Kudzipereka kotere kuli ndi olipira ena amene sanafunsidwe. Mwana wawo anataya zaka 2 za unyamata wake m'ndende. Ana enawo anakhala kuchilendo zaka 11 opanda bambo ndi mayi, akumva za makolo awo kudzera m'malipoti a mabungwe. Funso loti kodi kholo lili ndi ufulu woika banja lonse pa moto chifukwa cha mfundo si lopepuka, ndipo amene amaliyankha msanga nthawi zambiri ndi amene sanakumane nalo. Chimene tinganene n'chakuti mlandu wa mavutowo uli pa amene anamanga anthu osalakwa, osati pa omangidwawo.

Sepitembala 1992

Pofika 1992 mphepo inali itatembenuka. Pa 8 Malichi kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikudzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi kunabuka zipolowe ku Blantyre, ndipo mayiko othandiza Malawi atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula lothandiza anthu pa njala ndi othawa nkhondo, mpaka boma litasintha pa nkhani ya ufulu wa anthu. Boma linayamba kutulutsa akaidi ena andale pofuna kuonetsa nkhope yabwino. A Chirwa sanali m'gulu limenelo.

Mu Sepitembala kunabwera gulu la maloya ochokera ku Britain kudzafufuza za ufulu wa anthu, ndipo linaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba. Pa ulendo umenewo ndi pamene a Orton ndi Mayi Vera anaikidwa m'chipinda chimodzi koyamba pa zaka 8. Onani bwino: sichinali chifundo cha boma. Anaonana chifukwa kunabwera alendo amene boma linkafuna kuwasangalatsa, ndipo anaonana pamaso pa alendowo. A Orton anali ndi zaka 73, osaona bwino, osamva bwino.

Pa 18 Okutobala Kamuzu analengeza kuti kukhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Patapita masiku 2, pa 20 Okutobala 1992, a Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba. Mkazi wawo, amene anali mumpanda womwewo, sanaloledwe kupita kumaliro. Mmalawi aliyense akudziwa kulemera kwa chinthu chimenechi. Kwathu kuno ngakhale anthu amene sayankhulana amakhalirana pamaliro, ndipo namfedwa amakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi, atazunguliridwa ndi amayi anzake. Mayi Chirwa analira mwamuna wawo wa zaka 41 za ukwati ali m'selo.

Anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993, boma likunena kuti lawachitira chifundo. Anali atakhala m'ndende zaka 11 ndi mwezi umodzi. Pa 14 Juni chaka chomwecho Amalawi pafupifupi 63 pa 100 alionse anavotera matipate, makhoti a mafumu aja anaimitsidwa chisanathe chaka, ndipo pa 17 Meyi 1994 Kamuzu anagonja pa chisankho.

Zimene anachita nawo ufuluwo

Mayi wa zaka 60, wamasiye, wotuluka m'ndende thupi litafooka, akanatha kupita kwa ana ake kunja n'kukapuma, ndipo palibe akanamunena. Mayi Chirwa anasankha kubwerera ku nkhani yomwe ija. Kuwonjezera pa Women's Voice, anayambitsa Malawi CARER, bungwe lopereka uphungu wa zamalamulo kwa anthu amene sangakwanitse kulipira loya, makamaka kumidzi ndi m'ndende. Munthu amene anaweruzidwa kuti afe popanda loya anathera zaka zake zotsatira akuonetsetsa kuti ena asaime okha pakhoti.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ophunzira zamalamulo mu Africa yense amaidziwa kuposa Amalawi ambiri. Awiriwa ali m'ndende, Amnesty International inakadandaula m'malo mwawo ku African Commission on Human and Peoples' Rights, bungwe loona za ufulu wa anthu limene likulu lake lili ku Banjul m'dziko la Gambia. Dandaulolo linaphatikizidwa ndi la a Aleke Banda, amenenso anakhala m'ndende zaka zambiri popanda mlandu. Pamene bungweli linkapereka chigamulo, Kamuzu anali atachoka kale pampando. Linapeza kuti Malawi inaphwanya ufulu wa a Chirwa, pa kuwazenga mlandu popanda loya ndiponso pa mmene anawasungira m'ndende, ndipo linanenetsa kuti boma latsopano limalowa chokolo cha milandu ya boma lakale. Mlandu suola. Mfundo imeneyi imatchulidwabe m'milandu ya mayiko ena mpaka lero.

Mu 1999 Mayi Chirwa anasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a bungwe lomwelo, limene zaka zochepa m'mbuyomo linkawerenga dzina lawo pa pepala ngati wodandaula. Chaka chotsatira anapatsidwa udindo wapadera woyendera ndende ndi malo osungira anthu omangidwa mu Africa. Ankalowa m'maselo a mayiko osiyanasiyana, kufunsa akaidi za chakudya, mankhwala, kuchulukana, ndi ngati achibale awo amaloledwa kudzawaona. Woyang'anira ndende akanatha kunamiza mlendo wina aliyense posesa bwalo ndi kuphika nyemba zabwino tsiku limenelo, koma osati munthu amene anagona pasimenti zaka 11. Anagwira ntchitoyi mpaka pakati pa zaka za m'ma 2000, akulankhulanso motsutsa chilango cha imfa. Mu 2007 anatulutsa buku la mbiri ya moyo wawo lotchedwa Fearless Fighter, ndipo Centre for Human Rights ya pa yunivesite ya Pretoria imapereka mphoto ya dzina lawo kwa omaliza maphunziro ake amene achita bwino pa ntchito yoteteza ufulu wa anthu.

Kuno kwathu zina mwa zimene ankamenyera zasuntha, zina zikadali pomwepo. Kuyambira 1992 Malawi sinanyongenso munthu, ngakhale chilango cha imfa chikadali m'malamulo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti si bwino kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha aziweruzidwa kuti afe popanda woweruza kuona mmene zinthu zinachitikira, ndipo chifukwa cha chigamulo chimenecho akaidi oposa 100 anamvedwanso, ambiri n'kumasulidwa. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, khoti linapeza kuti kuthithikana ndi kusowa mpweya m'ndende zathu n'kuzunza anthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengero cha akaidi ndi theka. Miyezi 18 ija inatha kalekale, ndipo malipoti a bungwe loyendera ndende akhala akunenabe chaka ndi chaka kuti akaidi ndi ochuluka kuposa malo amene alipo.